Kuyenda m'midzi ya m'mbali mwa nyanja yamchere: yambani mwadziwa madzi

Anthu akhala akundifunsa funso limodzimodzi, loti munthu akafuna kuyenda m'midzi ya asodzi ya m'mbali mwa nyanja yamchere, osati zokangodzitsekera mu hotelo ayi koma kuyenda mudzi ndi mudzi nkumaona mmene anthu amakhalira komanso zachilengedwe zakumeneko, ayambire pati. Kuyankha mmodzimmodzi kwandikwana nde ndalemba kamodzi, wondifunsanso ndizingomupatsa zomwezi. Zitsanzo zambiri ndatenga kugombe la Indian Ocean, ku Mozambique, Tanzania ndi Kenya, koma mfundo zake zimagwira kulikonse kumene kuli nyanja yamchere ndi anthu okhala m'mbali mwake.

1. Sankhani kachigawo kochepa, ndipo funsani kaye za mphepo

Ambiri amalakwitsa poyambirira pomwe, dyera la malo. Munthu ali ndi sabata imodzi koma papepala walemba midzi 8, mapeto ake ulendo wonse umathera m'galimoto ndi podikira boti. Midzi yakugombe pamapu imaoneka yoyandikana koma pakati pake pamakhala mtsinje, matope kapena nkhalango yomera m'madzi, nde pamene Google Maps ikuonetsa ngati mpafupi mutha kuzungulira theka la tsiku. Sabata imodzi ndi midzi iwiri, mukachulutsa itatu, ndipo paliponse mugonepo kawiri. Tsiku loyamba anthu amangokuyang'anani, lachiwiri mpamene amayamba kukuyankhulani.

Kugombe la kum'mawa kwa Africa chaka amachigawa ndi mphepo ziwiri ndipo maina ake muwadziwe chifukwa msodzi aliyense akakutchulirani. Kaskazi imachokera kumpoto chakum'mawa, cha mu Disembala mpaka Malichi, kumatentha koma nyanja nthawi zambiri imakhala yofatsirako. Kusi imachokera kumwera chakum'mawa kuyambira cha mu Epulo mpaka Sepitembala, iyi njamphamvu, nyanja imawinduka ndipo maboti ang'onoang'ono amatha masiku ali pamchenga. Ku Zanzibar ndi kugombe la Kenya mvula yaikulu imagwa Epulo ndi Meyi. Ku Mozambique ndi Madagascar nyengo ya anamondwe ndi Novembala mpaka Epulo, Idai anasakaza Beira mu Malichi 2019 ndipo mwezi wotsatira Kenneth anaphwasula chilumba cha Ibo. Ndipo m'chigawo cha Cabo Delgado kumpoto kwa Mozambique kuli nkhondo ya zigawenga chiyambire 2017, musapiteko chifukwa choti mwaona zithunzi zokongola zakale.

2. Phunzirani kukwera ndi kuphwa kwa madzi

Apa werengani modekha. Olemba za maulendo ambiri amangodumphapo chonsecho m'mudzi wa asodzi chilichonse chimayendera zimenezi, nthawi yonyamuka boti, nthawi ya msika wa nsomba, njira yopita mudzi winawo, olo nthawi yosambira.

Nyanja yamchere sikhala malo amodzi. Mwezi umakoka madzi, dzuwa limathandizirako, nde madzi amakwera nkudzaza gombe kenako amaphwa nkubwerera kutali. M'malo ambiri izi zimachitika kawiri patsiku. Kuchoka pamene madzi adzaza kufika pamene aphweratu pamatenga maola 6 ndi timphindi, ndipo kuchoka pa kudzaza kwina kufika pa kudzaza kotsatira ndi maola 12 ndi maminitsi 25. Ndiye kuti tsiku lililonse zonse zimachedwa ndi maminitsi pafupifupi 50. Tiyerekeze lero madzi adzaza 6 koloko m'mawa, aphwa itangodutsa 12 masana, adzazanso cha m'ma 6:25 madzulo, mawa m'mawa adzaza cha m'ma 6:50. Pakatha sabata zimakhala zatembenukiratu, ola limene munasambira bwinobwino Lolemba lapitalo Lolemba lino mupeza mchenga wokhawokha. Apa mpamene anthu amapusitsidwa, mnzanu anakuuzani kuti "ife tinkawoloka wapansi m'mawa" inu nkutengera zomwezo osadziwa kuti iye anapita mwezi uli pena.

Kukula kwakenso sikufanana masiku onse. Mwezi ukakhala wathunthu komanso ukakhala mumdima madzi amakwera kwambiri nkuphwanso kwambiri, achiswahili amati bamvua, ndipo zimabwera pakatha masabata awiri aliwonse. Mwezi ukakhala theka madzi amangosuntha pang'ono, amati maji mafu. Ku Zanzibar nthawi ya bamvua kusiyana kwake kumafika mamita 4, ku Beira kumaposa mamita 6, ku Bay of Fundy ku Canada kumafika mamita 16, pamene mbali zambiri za Mediterranean sikufika olo theka la mita. Mamita 4 angamveke ochepa koma pagombe lathyathyathya monga la Paje ndi Jambiani ku Zanzibar madzi amathawa mtunda wautali moti nyanja mumangoiona kutali uko ikuyera, maboti ali chigonere cham'mbali pamchenga, azimayi ali pakati apo kumanga ndere zawo pazingwe, ana akutola nkhono. Pofika madzulo malo onsewo amira, mafunde akumenya m'munsi mwa mitengo ya kokonati.

Chimene chimapha anthu ndi ichi: madzi sabwerera pa liwiro limodzi. Mukagawa kukwera konse m'magawo 12, ola loyamba amakwera gawo limodzi lokha, lachiwiri magawo awiri, lachitatu atatu, lachinayi atatu, lachisanu awiri, lomaliza limodzi. Ndiye kuti theka la madzi onse limabwera m'maola awiri apakatiwo. Ola loyamba lija limanamiza, munthu amaona ngati nthawi ilipo yambiri nkumapitiriza kujambula. Komanso madzi sabwera kuchokera kutsogolo kwanu kokha ayi, amayamba kudzaza timakwawa totsika timene munadutsa nsapato zili zouma, nde inu muli pachitunda cha mchenga mukuyang'ana kunyanja koma kumbuyo kwanu, pakati pa inu ndi mudzi, mwadzaza kale madzi othamanga ofika m'chiuno. Mu Febuluwale 2004 ku Morecambe Bay ku England anthu oposa 20 ochokera ku China amene ankatola nkhono anamira mwanjira yomweyi, madzi anawatsekera njira usiku.

Chochita ndi ichi. Musananyamuke pezani ndandanda wa nthawi za madzi, maapu a pafoni alipo ambiri, sankhani doko loyandikana kwambiri ndi kumene mukupita, onetsetsani kuti nthawi yake ndi ya dziko limenelo, kenako jambulani pafoni masiku onse a ulendo wanu chifukwa netiweki kumidzi yakugombe njosadalirika. Mukafika, ndandandawo muutsimikize kwa msodzi, osati kwa mnyamata wogulitsa maulendo. Ndandanda sudziwa kuti khwawa liti limadzaza moyambirira, msodzi amadziwa. Mawu ake ndi ochepa: pa Chiswahili maji kupwa ndi kuphwa, maji kujaa ndi kudzaza, pa Chipwitikizi maré baixa ndi maré cheia. Mukafuna kuyenda pamchenga wophwa kapena kudutsa m'gombe kupita mudzi wina, nyamukani madzi akadali kuphwa, maola awiri asanafike pansi penipeni, ndipo akangoyamba kubwerera inu mukhale mwatembenuka kale. Tcherani alamu pafoni. Pamene gombe lathera pathanthwe lalitali losakwereka musadutsepo madzi akukwera olo patsale mamita 100 okha.

Chinanso, kuphwa kwabwinobwino kumatenga maola. Mukadzaona nyanja yathawa mwadzidzidzi m'maminitsi ochepa pa nthawi yosakhala yake, makamaka pambuyo pa chivomezi, musapite kukaona nsomba zotsala pamchenga, thamangirani kumtunda. Ndi chizindikiro cha tsunami, mafunde aakulu amene amakwera kumtunda nkukokolola zonse, ndipo pa 26 Disembala 2004 anthu ambiri anafa atatsikira kugombe kukadabwa.

3. Maboti ndi nthawi yake

Boti lakumudzi limanyamuka madzi akalola, osati wotchi ikakwana. Akakuuzani kuti tinyamuka usiku wa 3 koloko si nkhanza ayi, akudziwa kuti ikamakwana 6 padoko pakhala matope. Fikani msanga. Ndipo kumene amayankhula Chiswahili samalani ndi kawerengedwe ka maola, iwo tsiku amaliyamba kuwerenga kukacha, nde saa moja asubuhi ndi 7 koloko m'mawa, saa mbili ndi 8, saa sita ndi 12 masana. Kusiyana kwake ndi maola 6. Akakutchulirani nthawi, onetsani pafoni muvomerezane ndi maso.

Maina a maboti: ngalawa kumeneko ndi bwato laling'ono lokhala ndi mitengo iwiri m'mbali yoliteteza kugubuduka, mashua ndi lapakatikati, jahazi ndi lalikulu lachinsalu lonyamula katundu. Nthawi zambiri boti limaima patali, mumalowa m'madzi mpaka m'mawondo kapena m'chiuno chikwama chili pamutu, nde pasipoti, foni ndi ndalama zikhale m'kathumba kosalowa madzi. Mukachita hayala gwirizanani mtengo wopita ndi kubwera musanakwere, perekani gawo lina, lotsalalo pobwera, ndipo nthawi yobwerera atchule mwini boti malinga ndi madzi.

Boti likadzaza mopitirira tsikani. Ndikunena izi ndi mtima wonse chifukwa manyazi amapha, munthu amaopa kuoneka wamantha pagulu. Mu Sepitembala 2011 sitima ya Spice Islander inamira pakati pa zilumba za Unguja ndi Pemba ku Zanzibar itanyamula mopyola muyezo, anthu mazanamazana anafa. Mu Epulo 2024 boti la asodzi lochoka ku Lunga kupita ku Ilha de Moçambique linamira ndi anthu oposa 90. Yang'anani m'mbali mwa boti, ngati madzi atsala pang'ono kufika pamilomo pake musanachoke nkomwe padoko, tikiti yanu itayike basi. Funsaninso za majekete oyandamitsa, ndipo mukawapeza valani, osakhalira.

4. Kulowa m'mudzi

Gombe limaoneka ngati la aliyense koma mudzi uli ndi eni ake. Ngati mukagona m'mudzi umene mulibe malo ogona alendo odziwika, kapena mukufuna kuzungulira ndi kamera, yambani mwaonekera kwa mtsogoleri. Ku Zanzibar ndi sheha, ku Tanzania kumtunda ndi mwenyekiti wa kijiji, ku Mozambique ndi régulo kapena secretário wa deralo. Nenani dzina, kumene mwachokera, chimene mwadzera ndi masiku amene mukhale. Sizitenga nthawi koma zikatha mumakhala mlendo wodziwika, chikakuchitikirani pali woyankha. Ku Fiji mwambowu ndi waukulu ndithu, amati sevusevu, mlendo amabweretsa mizu ya kava, chomera chimene amapangira chakumwa chawo, kwa mfumu asanayende m'mudzi ndipo chipewa amavula. Ku Samoa midzi yambiri ili ndi nthawi ya mapemphero amadzulo yotchedwa sa, belu likalira aliyense amakhala pansi, inunso muime pomwe muli mpaka mapempherowo atatha.

Moni musamuthamangire. Kugombe la Chiswahili pakhomo mumati hodi nkudikira akuuzeni karibu, wamkulu mumamupatsa shikamoo iye amayankha marahaba. Nsapato zimatsala pakhomo. Kupereka, kulandira ndi kudya ndi dzanja lamanja. Munthu wokuyendetsani mutenge wa m'mudzi momwemo, amadziwa pamene pali manda, chitsime chimene alendo saloledwa, nkhalango yopatulika, monga nkhalango za kaya za Amijikenda ku Kenya zimene simulowa popanda akulu ake. Ndipo ndalama yanu imatsala m'mudzimo.

Ana musawagawire maswiti kapena ndalama panjira. Zikuoneka ngati chifundo koma m'midzi imene alendo azolowera kutero ana amajomba kusukulu nkumadikira kugombe. Muli ndi chopereka, pitani nacho kwa aphunzitsi kapena kwa mtsogoleri uja.

5. Zovala ndi kamera

Midzi yambiri kuyambira Lamu ku Kenya mpaka Ilha de Moçambique ndi ya Asilamu. Zosambirira ndi za m'madzi basi, mukangoponda m'mudzi mapewa ndi mawondo zibisike, amuna nanunso malaya muvale. Onani kalendala ngati ulendo wanu ukugwera mu Ramadan, imasuntha ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, nthawi imeneyo masana malo odyera ambiri amatseka ndipo kudya kapena kusuta poyera nkusalemekeza. Lachisanu masana zambiri zimaima.

Chithunzi pemphani kaye. Azimayi achimakua akumpoto kwa Mozambique amadzola kumaso mussiro, phala loyera lochokera kumtengo wopera pamwala, ndipo alendo amangowalozetsa kamera ngati si anthu. Chezani nawo, funsani, akakana mwakanidwa. Akalola aonetseni chithunzicho.

6. Gombe ndi malo antchito a anthu

Zimene inu mukuona ngati malo okongola opanda mwini, kwa iwo ndi munda, msika ndi galaja. Timitengo tozikidwa m'mizere pamchenga wophwa ndi minda ya ndere za m'nyanja, amati mwani, ulimi umene ku Zanzibar unayamba cha m'ma 1989 ndipo ambiri olima ndi azimayi. Mukadutsa pakati nkudula chingwe mwaononga ntchito ya masabata angapo, zungulirani. Ukonde woyanikidwa musaulumphe, miono musaitukule kuti muone zimene zakodwa, m'boti la mwini musakhalemo kuti mujambulitse.

Midzi ina imatseka mbali ya nyanja kwa miyezi ingapo kuti pweza, chilombo cha miyendo 8 chija, akule. Njira imeneyi inayambira ku Andavadoaka ku Madagascar mu 2004 ndipo yafalikira magombe ambiri. Malo otsekedwawo nthawi zina chizindikiro chake ndi kambendera kapena botolo loyandama basi, nde funsani musanalowe. Ku Ghana midzi yambiri ya asodzi sapita panyanja Lachiwiri, mukafika tsiku limenelo mupeza akusoka maukonde, ndipo ndi tsiku labwino locheza nawo.

Ngati pali chinthu chimodzi choti musaphonye ndi nthawi imene maboti akubwera. Funsani dzulo lake kuti afika nthawi yanji. Mudzi wonse umatsikira kugombe, anyamata akukoka maboti, nsomba zikuthiridwa pamchenga milumilu, wotsatsa akukuwa mitengo anthu akupikisana, amati mnada, azimayi ali ndi mabeseni akupala pompo. Imani pambali osatsekereza njira, mukaona akukoka boti ndipo akukodolani gwirani chingwe. Za moyo wa mudziwo muphunzira zambiri pa ola limenelo kuposa pa magule okonzera alendo.

7. Zachilengedwe: onani ndi maso

Matanthwe amitundumitundu apansi pamadzi, matumbawe pa Chiswahili, si miyala wamba, ndi tizilombo tamoyo ndipo amakula pang'onopang'ono kwambiri. Musawaponde, musathyole, ndipo mwini boti akafuna kuponya nangula pamenepo mupempheni aponye pamchenga. Zigoba zikuluzikulu za nkhono, zidutswa za matumbawe ndi zibangili za chigoba cha kamba musagule, malonda a zigoba za akamba a m'nyanja ndi oletsedwa pansi pa pangano la mayiko loteteza nyama ndi zomera lotchedwa CITES ndipo pabwalo la ndege akhoza kukulandani kapena kukumangani.

Akamba amatuluka usiku kudzaikira mazira mumchenga, mazirawo amaswa pakatha miyezi pafupifupi iwiri, ndipo tiana timalondola kuwala kuti tipeze nyanja. Tochi yanu kapena fulashi ya foni imatisocheretsa kumtunda kumene timakafa. Pitani ndi oyang'anira a m'mudzimo, khalani kumbuyo kwa kamba, magetsi ozima. Anamgumi amadutsa kugombe la Mozambique cha mu Juni mpaka Okutobala, ku Tofo mumatha kuwaona muli kumtunda. Ku Kizimkazi ku Zanzibar kuli madolofini, koma zothamangitsa nyamazi ndi maboti ambirimbiri anthu nkumadumphira pakati pawo zimandipweteka mtima, sankhani woyendetsa amene amazimitsa injini nkudikira patali.

Nkhalango ya mikoko, mitengo yomera m'matope amchere ija, ambiri amainyoza chifukwa cha fungo ndi udzudzu, koma mmenemo ndi mmene nsomba zimaswanirana ndipo ndi imene imatchinga mudzi ku mafunde. Lowanimo pa bwato madzi atadzaza, m'mamawa, muona mbalame ndi nkhanu zosawerengeka. Wapansi nokha ayi, matope ake amamiza mpaka m'ntchafu ndipo njira zonse zimafanana.

8. Thupi lanu

Musanasambire funsani pamene eni mudzi amasambira. Pagombe la mafunde pamakhala mikwasa ya madzi othamangira kunyanja, pamwamba pamaoneka bata, mafunde sakuswekapo, nde munthu amasankha pomwepo poganiza kuti mpabwino. Akakukokani musalimbane nawo kulunjika kumtunda, mutopa nkumira. Yandamani, kwezani dzanja, sambirani cham'mbali motsata gombe mpaka mutatulukamo kenako muzibwerera.

Pamchenga wophwa valani nsapato zolimba kupansi. M'maenje a miyala mumakhala tizilombo takuda tozungulira ta minga ngati ya nungu, komanso nsomba yaululu yooneka ngati mwala. Mukabayidwa viikani phazi m'madzi otentha amene khungu lingapirire kwa theka la ola kapena kuposa, kenako kuchipatala, makamaka ngati ndi nsomba ija. Nkhono yamoyo yosongoka mbali imodzi yamawangamawanga musaitole, imabaya ndipo ululu wake umapha.

Madzi a m'zitsime zambiri zakugombe ndi amchere pang'ono, akumwa wiritsani kapena gulani otsekedwa. Neti ya udzudzu nyamulani yanu. Chakudya idyani chimene eni ake akudya chikadali chotentha, koma nyama ya kamba wa m'nyanja ikanireni olo akupatseni mwaulemu chotani. Nthawi zina imakhala ndi poizoni amene kuphika sikumuchotsa, mu Malichi 2024 pachilumba cha Pemba ku Zanzibar ana 8 ndi munthu wamkulu mmodzi anamwalira atadya nyamayi.

Ndalama tengani zokwanira m'tauni yomaliza ndipo zikhale zing'onozing'ono, kumudzi chenji chimavuta ndipo makina otapira ndalama kulibe. Ku Kenya ndi Tanzania majumbo apulasitiki ndi oletsedwa, tengani kachikwama kansalu, ndipo mabotolo ndi mabatire anu otha mubwerere nawo kutauni chifukwa kumudzi kotaya kwake ndi m'nyanja momwemo.

9. Tsiku lobwerera

Musaike ndege kapena basi ya mtunda wautali tsiku lomwelo limene mukuchoka pachilumba kapena m'mudzi wofikako pa boti. Mphepo ikauka palibe amene anyamuke, ndipo mukayamba kukakamiza ndi ndalama mupeza wina wovomera kukuwolotsani pa nyanja imene asodzi enieni aikana. Siyani tsiku limodzi lopuma pakati, nthawi ya kusi masiku awiri. Madzulo a dzulo lake lipirani ngongole zonse, pitani mukatsanzike kwa mtsogoleri amene munaonekera pofika ndi kwa amene amakuphikirani, ndipo mufunsenso mwini boti kuti mawa madzi alola nthawi yanji chifukwa sikhala nthawi imene munafikira.